Sefa, Phula ndi Lilime la a Mhango

Ana anga, chipumireni pa ntchito mu 2009 simunandipatse mtendere. Aliyense akabwera kuno akuti, "Ababa, lembani za moyo wanu," ndipo Esinati anachita kundigulira makope awiri ndi zolembera kuti ndisowe pothawira. Za ubwana wanga ku Makwasa sindikutayitsani nazo nthawi: ndinabadwa, ndinadya mapeyala, ndinakula. Zoti musunge ndi ziwiri zokha. Kuyendetsa ndi kukonza galimoto ndinaphunzira pa galaja ya amalume anga, ndipo ndinakulira m'banja losunga Sabata, momwe tiyi sankalowa pakhomo ngakhale kubwere mlendo wotani.

Novembala 1994

Ndinalembedwa ntchito pa esiteti ya tiyi mvula itangoyamba, nyengo imene masamba amaphukira usana ndi usiku ndipo manja amachepa. Amene anandiyesa anali a Namaona, mkulu wa galaja, Mlomwe mnzanga wamfupi koma wa mawu omveka kutsidya la mtsinje. Iwowa ankakhulupirira kuti galimoto iliyonse imachira ukaimenya ndi hamala pamalo oyenera. Nditazungulira bwalo ndi thalakitala chobwerera m'mbuyo, ngolo ili kumbuyo, osagunda kanthu, anandiitana.

"A Muhiwa, kwanu mwati n'kuti?"

"Ku Makwasa, bwana."

"Ohoo, ndinu aja a Loweruka? Ndiye masamba akathyoledwa Loweruka aziyenda okha kupita ku fakitale?"

"Ine ndizigwira Lamulungu, anzanga akapita kotchalitchi."

Anakanda m'mutu. "Iyayi, pamenepo mwandigwira. Lamulungu ndimasowadi munthu. Nanga tiyi mumamwa?"

"Chibadwire sindinamulawepo."

Anaseka mpaka kutsamira tayala. "Koma ndiye talemba munthu! Uyu yekha ndi amene sadzatibera."

Zaka ziwiri ndinatuta masamba kuchokera m'mashedi kupita ku fakitale. Anatipatsa nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri, ndipo mayi anu anadzala nthochi ndi chinangwa kuseri kwake tisanamasule n'komwe katundu. Za tiyi ndinkadziwa kulemera kwake kokha. Kwa ine anali masamba basi, ngati chisoso chouma.

1996

Dalaivala wakale atapuma, anandikweza n'kundipatsa galimoto ya ku ofesi. Musaganize za galimoto yonyezimira. Inali nkhalamba ija yokoka ndi matayala onse anayi, ya thupi la malata olumikiza ndi maliveti, yomwe inafika pa esitetipo ine ndikadali pa sukulu. Pa matope inalibe inzake. Njira zotsetsereka za kumbali ya kwa Mphuka, zomwe malole ankazikana, iyo inkangobuula pang'ono n'kukwera. Koma mvula ikangoti wa, m'kati mwake munkagwanso mvula yakeyake, ndipo ya m'katiyo inkapitirira ngakhale yakunja itakata. N'chifukwa chake esiteti yonse inkaitchula kuti Sefa.

Ndinamukonda Sefa, sindibisa. Ndinatengeramo amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala, akwati, makapitawo, ngakhale mbuzi ya phwando. Aliyense ankadziwa malamulo ake: wokhala kutsogolo afunde jumbo pamawondo, wokhala kumbuyo kumanzere asavale malaya oyera. Akazi a manijala wina anachita kutambasula ambulera m'kati momwemo ulendo wonse wa ku boma, ine n'kumayang'ana msewu ndi diso limodzi. Ndinalemba mapepala opempha mphira watsopano wa m'zitseko ndi mankhwala omatira, ndipo ku sitolo ya esiteti yankho linali limodzi chaka ndi chaka: "Zikubwera, achimwene." Podikira zobwerazo ndinamata ndi sopo, mvula inachapa. Ndinamata ndi kandulo, dzuwa linasungunula. Ndinasungunula zidutswa za ndowa ya pulasitiki, zinagwira sabata imodzi. Ndikatseka apa, madzi ankatulukira apo, ndipo dontho lina lokhulupirika linkagwera pa bondo langa lamanja tsiku lililonse la mvula.

Ntchito yaikulu ya Sefa inali ya Lachiwiri. Tsiku limenelo ndinkapita ku Limbe ndi makalata komanso masampulo. Masampulo ndi tiyi wochepa wotapa pa mulu uliwonse umene fakitale yapanga, amene akatswiri olawa a m'tauni amayamba alawa asanauze ogula kuti tiyi wa esiteti yakuti ndi wabwino kapena ayi. Kale ankawaika m'timapepala tonyezimira tosalowa mpweya, koma timeneto tinasowa ngati mphira wanga uja, ndipo anayamba kuwaika m'maenvulopu a khaki wamba, n'kulongedza m'katoni.

Mwini masampulowo anali a Mhango, mkulu wopanga tiyi m'fakitale, Mtumbuka wa ku Rumphi, wamtali, woonda, wovala jasi yoyera yosaonekapo ngakhale kadontho. Munthu ameneyu ankakhalira lilime lake. Tsabola sankadya, fodya sankasuta, sopo wonunkhira sankasamba. M'mawa uliwonse ankandandalika makapu oyera pathebulo, n'kumayamwa tiyi pa supuni mwaphokoso, kumuzunguza m'kamwa, kulavula m'chitini, kenako n'kunena kuti moto wa draya, makina oumitsira tiyi aja, uwonjezedwe kapena uchepetsedwe. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Ankanditchula kuti "a dalaivala" ngati ndilibe dzina, ndipo ine kumbali ndinkawatchula kuti a Jasi.

Januwale 1998

Lachiwiri lina mvula inandipeza ndisanafike n'komwe ku Bvumbwe, ndipo inandiperekeza mpaka ku Limbe. Katoni ndinaiika pampando, ndinaifunditsa jekete langa, koma tsiku limenelo Sefa anatulukira njira yatsopano. Ndinafika maenvulopu asanu ali chinyezi chokhachokha. Lipoti linandiyambirira kufika ku esiteti pa lamya, ndipo m'mawa mwake a Mhango anali akundidikira pakhomo pa ofesi.

"A dalaivala, tiyi ameneyu ine ndimamuumitsa ndi nkhuni zambirimbiri. Inu mwaona kuti ndi bwino mumuviikenso?"

"Si ine, bwana, ndi denga."

"Denga silinalembedwe ntchito pano. Analembedwa ndinu."

Nkhani anaipititsa kwa manijala watsopano, Bwana Mbewe, mnyamata wa sukulu zake wochokera ku Dedza, wodziwa kwambiri za kumunda koma wachilendo m'fakitale. Ndinalandira kalata yoyamba ya chenjezo. Pa esiteti pathu makalata otere akakwana atatu umapakira, nyumba n'kusiyira wina. Ndinatuluka mu ofesimo mtima ukuwira, ndipo ndinalumbira kuti Sefa sadzadonthanso.

Sabata yomweyo anthu okonza msewu anali akukwirira maenje pafupi ndi mphambano yathu. Ndinawapatsa phava la nthochi za mayi anu, iwo n'kundidzazira chitini cha phula. Lamulungu ine ndi a Namaona tinalitenthetsa pa mbaula kuseri kwa galaja n'kuyamba kupaka. Tinapaka m'mphepete monse mwa denga, pamwamba pa galasi lakutsogolo, pa liveti iliyonse imene tinaikayikira. A Namaona anati, "Pakani ndi m'kati momwe, madzi asowe kolowera ndi kotulukira komwe." Tinapaka ndi m'kati momwe. Pomaliza ndinakhoma kashelefu ka thabwa m'mwamba, kumbuyo kwa mutu wanga, pansi penipeni pa denga, pamalo pamene ndinaona kuti ndi pouma kuposa ponse. Pamenepo ndiye panakhala pogona pa katoni ya masampulo.

Kudontha kunachepa ndithu, ngakhale dontho la pabondo lija silinasinthe. Fungo linalipo, makamaka dzuwa likawomba denga mvula itakata, koma pakutha pa masiku atatu mphuno zanga zinazolowera. Ndinkayenda modzitama. Masampulo ankafika ouma kuti gwa.

Febuluwale mpaka Malichi 1998

Kenako malipoti a ku Limbe anayamba kubwera oipa. Ankati tiyi wathu akumveka utsi, akumveka kupserera, ogula akumukana. Aliyense anathamangira ku draya, poganiza kuti utsi wa nkhuni ukulowa m'tiyi. Anaimitsa makina pakati pa nyengo ya masamba ambiri, anaphwasula, anamata, anabwezeretsa. Masamba ena anaolera m'mashedi, othyola n'kumadandaula. Lachiwiri lotsatira ndinanyamula masampulo atsopano, ndipo lipoti linabweranso chimodzimodzi. Anaphwasulanso kachiwiri.

A Mhango ankangonena chinthu chimodzi: "Tiyi wanga ndi woyera. Ndamulawa." Koma mwatsoka, mwezi wa Disembala anali atadwala malungo aakulu n'kumwa kwinini wambiri, ndipo mphekesera inayamba kuyenda kuti mankhwalawo anawapha lilime. Tsiku lina ndikupukuta galasi pansi pa zenera la ofesi ndinamva Bwana Mbewe akulankhula nawo.

"A Mhango, ine sindikukunyozani. Koma ku tauni olawa ndi atatu, inu muli nokha. Atatu onsewo akunama?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Ku hedi ofesi akuti tipeze munthu wina pakutha pa Epulo. Ndayesetsa kukuikirani kumbuyo, koma zandikulira."

Ndikuuzeni zoona, ana anga, poti ndinalonjeza kuti m'makope muno simukhala bodza: ndinakondwa. Ndinati mumtima, a Jasi aone nawonso mmene kalata imawawira. Za phula langa sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Munthu wosamwa tiyi ndikanadziwa bwanji kuti tiyi wouma amayamwa fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho? Onse a m'fakitale ankadziwa zimenezi ngati dzina lawo, koma palibe wa m'fakitale amene ankakwera Sefa. Katoni ankandipatsira pakhomo, ine n'kukaikweza ndekha.

Epulo 1998

Amene anagwira wakuba ndi mayi anu. Lachiwiri lina ndinagula buledi ku Limbe, ndipo poopa kuti anyowa ndinamuika pa kashelefu kaja, pamene panali katoni popita. M'mawa mwake tikumwa madzi a mandimu, mayi anu analuma kamodzi n'kuima.

"Bambo a Esinati, buledi ameneyu mwagula kwa anthu okonza msewu?"

"Bwanji?"

"Akununkha tala. Talawani."

Ndinaluma. Poyamba sindinamve kanthu, kenako kukhosi kunabwera kafungo kaja ka chitini cha pa mbaula. Ndinayang'ana buledi uja m'manja mwanga. Buledi wa m'pepala lake, maola awiri okha pa shelefu. Nanga tiyi wa m'maenvulopu a khaki, Lachiwiri lililonse chiyambire Januwale?

Ndinathamangira kwa a Namaona, poti phulalo tinapaka awiri. Anamvetsera, anayang'ana uku ndi uku, n'kunditengera kuseri kwa thalakitala.

"Achimwene, mwauzako ndani?"

"Palibe."

"Basi, pakamwa potseka. Lachiwiri likubwerali katoni muike pansi, kutsogolo, mawindo otsekula. Phulalo tizipala pang'onopang'ono Lamulungu. Masampulo ayamba kufika bwino, aliyense asangalala, nkhani yatha."

"Nanga a Mhango?"

"A Mhango apita kale amenewo. Wolowa m'malo mwawo akubwera wiki ya mawa kudzaona nyumba. Zikakhala bwino azidzati ndi mwayi wa watsopanoyo. Inu muli ndi woningi kale. Draya yaphwasulidwa kawiri chifukwa cha inu ndi ine. Mukuganiza kuti akupatsani mendulo?"

Nzeru imeneyi inandikomera, ndisaname. Sinkafuna kuti ndinene bodza lililonse, inkangofuna kuti ndikhale chete. Inu munali anayi nthawi imeneyo, atatu pa sukulu, Yohane ali kumsana. Kwathu ku Makwasa malo olima anali atagawanidwa kale. Lachitatu ndinakhala chete, Lachinayi ndinakhala chete. Chakudya chinkandikanika, ndipo mayi anu atandifunsa kachitatu ndinawafotokozera zonse. Sanandilalikire. Anangoti, "Nyumba ndi ya kampani, tsiku lina tidzaisiya ndithu. Koma ngati muzikhala ndi nkhope imeneyi mpaka kukalamba, ine ndiye sindingathe." Anatenga khasu n'kupita kudimba, kundisiya ndi nkhani yanga.

Lachisanu masana ndinapita ku fakitale kukasiya makalata. Chitseko cha chipinda cholawira chinali chotsekuka pang'ono, ndipo ndinawaona a Mhango ali okha. Anatapa tiyi m'dzanja, ananunkhiza, anathira pansi. Anatapanso, ananunkhizanso. Kenako anatenga mchere pang'ono m'kapepala n'kuika pa lilime, anatseka maso, ngati mwana amene akuyesa ngati dzino likugwedera. Jasi ija inali itawakulira. Munthu amene ndinkamuda uja sanalipo, panali mkulu wina wamantha amene ankafufuza ngati akadali moyo m'kamwa mwake. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinagogoda.

"A dalaivala, masampulo ndi Lachiwiri."

"Bwana Mhango, tabwerani mudzakwere galimoto yanga."

"Ndipite kuti?"

"Kulikonse ayi. Mungokwera."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anabwera. Sefa anali padzuwa chiyambire m'mawa, mawindo otseka. Ndinatsekula chitseko. Sanakwere n'komwe. Anangolowetsa mutu, anakoka mpweya kamodzi, n'kuima chilili. Anayang'ana denga lakuda bii, anayang'ana kashelefu.

"Katoni mumaika apa?"

"Eya, bwana."

"Chiyambire liti?"

"Januwale."

Ndinadikira mbama, kapena mawu oposa mbama. Iwo anakhala pansi pa chopondera cha galimoto, jasi yoyera ija pa matope, n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri. Mapewa ankagwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira, mwina zonse. Atadzuka anangoti, "Tiyeni kwa bwana. Mukanene nokha, ine ndikangoima pambali."

Bwana Mbewe anamvetsera mpaka kumapeto, akugogoda cholembera pathebulo. Dzina la a Namaona sindinalitchule, poti chitini ndinabwera nacho ndine. Nditamaliza anapumira m'mwamba.

"Nkhaniyi ikumveka. Koma a hedi ofesi sangasinthe maganizo chifukwa cha nthano ya dalaivala ndi buledi. Akufuna umboni woti lilime la a Mhango likugwira ntchito."

"Ndiyeseni," anatero a Mhango.

Anapangana za Lolemba. Bwana Mbewe anatapa okha tiyi pa mulu umodzi n'kuika m'maenvulopu asanu ndi limodzi. Atatu anawaika pa shelefu ya Sefa, ine n'kuyenda nawo kukafika ku boma ndi kubwerera dzuwa lili pamutu. Atatu enawo anawatsekera m'dilowa ya desiki yawo. Masana anafulula okha chitseko chili chotseka, anasokoneza makapu, manambala ake n'kulemba pa kapepala kamene anakaika m'thumba. Kenako anatiitana. Nkhani inali itamveka kale, moti pa mawindo panadzaza mitu ya anthu a m'fakitale, a Namaona ali kumbuyo kwenikweni, chipewa chitatsitsidwa mpaka m'maso.

A Mhango akalephera ndiye kuti ndadziulula pachabe, tonse awiri tipakira. Iwo anatsuka m'kamwa ndi madzi, anatenga supuni. Kapu yoyamba: anayamwa, anazunguza, analavula. "Phula." Yachiwiri: "Phula." Yachitatu anailawa kawiri, n'kukwinya nkhope. Analawa yachinayi, anakwinyanso. Yachisanu sanachedwe nayo: "Phula." Yachisanu ndi chimodzi anailawa, n'kubwereranso ku yachitatu.

"Zitatu izi zilibe phula," anatero pang'onopang'ono. "Koma si tiyi wanga mmene ndinamusiyira. Bwana, m'dilowa mwanumo mumasungamo chiyani?"

"Mapepala basi."

"Mapepala okha?"

Bwana Mbewe anatuma kalaliki kuti akasolole dilowa yonseyo abwere nayo. Pansi pa mafayilo panali nthochi ziwiri zakupsa kwambiri, zimene anaziiwala chiyambire sabata yatha. Chikhakhali chimene chinaphulika pa mawindo paja chinamveka mpaka ku sikelo yoyezera masamba. Bwana Mbewe anatulutsa kapepala kawo, anayang'ana, n'kuseka nawo mpaka misozi. Tsiku lomwelo anaimba lamya ku hedi ofesi, ndipo munthu wodzaona nyumba uja sanabwerenso.

Ine ndinalandira kalata yachiwiri ya chenjezo, ndi masabata awiri osagwira chiwongolero. "Yachitatu ndikanakupatsani lero lomwe," anatero bwana, "koma munthu wobwera yekha kudzadzinenera sindinamuonepo pa esiteti pano. Phula lonselo lichoke, ndipo galimotoyo isadonthenso. Mmene muchitire, mudziwa nokha."

Meyi 1998

Phula limapalika bwino m'mawa kukuzizira, lisanafewe. Ine ndi a Namaona tinapala ndi mapanga akale ndi timipeni masiku asanu ndi atatu, iwo akugwira ndi khama lachilendo ndiponso mosalankhula, zomwe sizinachitikepo. Tinatsuka ndi phulusa ndi sopo wosanunkhira. Sefa anabwerera mwakale: woyera, ndi wodontha ponseponse.

Lamulungu lotsatira ndinadabwa kuona a Mhango akubwera ku galaja atachoka ku tchalitchi, atavala ovolosi yobwereka yowalekeza m'maondo, m'manja muli kathumba ka ufa.

"A Muhiwa," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula dzina, "inu mumamata pamene madzi akugwera. Munayamba mwafufuza pamene akulowera?"

"Si pamodzimodzi?"

"Tiona. Ine polawa sindithira makapu onse m'kamwa nthawi imodzi."

Anawaza ufa m'kati monse, m'mphepete mwa denga, m'mizere ya malata, m'mafelemu a zitseko, n'kudzitsekera m'katimo. Ine anandipatsa paipi ya madzi ndi lamulo: ndiyambire pansi, ndithire malo amodzi okha mpaka iwo agogode, kenako ndikwere pang'ono. Zitseko zinaonetsa msanga, mphira wake unali utauma n'kusweka. Galasi lakutsogolo, lomwe ndinalipaka phula lochuluka kuposa pena paliponse, silinadonthe ngakhale pang'ono. Tinatha ola lathunthu tikukwera. Nditafika padenga kumbuyo kwenikweni, kumanja, ndinamva kugogoda kwamphamvu ndi mawu ochokera m'kati: "Imani pomwepo! Bwerani muone!"

Mu ufa muja munali kanjira konyowa, kowongoka bwino. Madzi ankalowa kumbuyo, n'kuyenda mobisala m'kati mwa mzere wa lata utali wonse wa galimoto, mpaka kukagwera kutsogolo, pa bondo la dalaivala. Titakwera padenga tinapeza timabowo titatu pansi pa phazi la keriyala yoikapo katundu, pamene kale panali mlongoti wa wailesi ya mauthenga. Amene anauchotsa sanatseke. Pafupi pomwepo, kangalande ka m'mphepete mwa denga kanali kodzaza dothi lofiira ndi masamba a bulugama, moti madzi m'malo motsika ankasefukira m'kati. Zaka ziwiri ndinkalimbana ndi kutsogolo pamene mdani anali kumbuyo.

Mankhwala ake sanafune ngakhale pepala la ku sitolo. Mabowo tinatseka ndi mabawuti atatu, lililonse ndi kachidutswa ka chubu cha njinga pansi ndi pamwamba. Kangalande tinakatokosa ndi sipoko. M'zitseko tinadula chubu cha thalakitala m'mizeremizere n'kupanikiza ndi timalata. Za fungo lotsalira a Mhango anati ndiwasiyire. Anatumiza matumba awiri a zinyalala za tiyi zosesa m'fakitale, tinazimwaza m'kati, n'kutseka mawindo masiku anayi. Tiyi yemwe uja amene anandiika m'mavuto ndi kuyamwa kwake anayamwanso fungo lonse. Masampulo kuyambira pamenepo ankayenda m'chitini cha mabisiketi chotseka bwino, chimene a Mhango anachitsuka okha katatu.

Chiperoni cha chaka chimenecho chinagwa sabata yathunthu osakata, ndipo ndinkafika kunyumba buluku lili louma. Mayi anu anachita kundifunsa ngati ndikupitadi ku ntchito.

Disembala 2004

A Mhango anagwiranso ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anaphunzitsa anyamata awiri kulawa. Sitinakhale mabwenzi oyenderana tsiku ndi tsiku, iwo sanali munthu wotero, koma akafuna kupita kulikonse ankati, "Ndipita ndi a Muhiwa." Za phula sanazitchulenso ngakhale kamodzi. Atapuma anawachitira phwando m'bwalo la fakitale, ndi mbuzi ziwiri ndi zolankhula zambiri. Katundu wawo anatsogola pa lole, ndipo iwo ndi mayi a kunyumba kwawo ndinawatenga pa Sefa kukawasiya kokwerera basi ya kumpoto.

Mvula inagwa njira yonse. Mayi aja anagona kumbuyo, ife awiri tili kutsogolo. Titadutsa minda yomaliza ya tiyi, a Mhango anayamba kulankhula akuyang'ana kunja.

"A Muhiwa, mukudziwa chimene ndinkachita tsiku lija munagogoda?"

"Ndinakuonani ndi mchere."

"Ndinali nditalemba kale kalata yosiya ntchito. Inali m'thumba la jasi. Sindinkafuna kudikira kuti andichotse. Ntchito sinkandiwawa kwambiri, adada. Ntchito imatha. Koma ndinali nditayamba kuwakhulupirira. Ndinkalawa tiyi, lilime n'kundiuza kuti ndi woyera, ine n'kumaliuza kuti ukunama. Mukanapala phula lija mwakachetechete, ndikanapita ku Rumphi n'kukafa ndikudziwa kuti ndine munthu wakufa m'kamwa."

Ndinangoti, "Ndinatsala pang'ono kutero, bwana. Masiku awiri ndinakhala chete."

"Ndikudziwa. A Namaona anadzandiuza okha chaka chomwecho." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ine ndimawerenga tsiku lachitatulo."

Pa depoti ndinawatsitsira zikwama, ndinawapezera malo a pawindo. Basi itayamba kuyenda anatulutsa dzanja n'kugwira langa, ndipo sanalisiye mpaka ndinayamba kuthamanga nayo. "Yewo, adada!" anakuwa, kundithokoza m'chinenero cha kwawo. Ndinabwerera kwa Sefa, ndinakhala pa chiwongolero, ndipo panapita nthawi misozi isanandilole kuona bwino msewu kuti ndilize injini.